Mchira Ukugwedezeka, Nyundo Igone

Padangokhala khoma. Osati la njerwa ayi, khoma la dothi, lopyapyala ngati chikhadabo, loti wina akatsokomola mbali iyi, wa mbali inayo amapepesa. Mbali imodzi kunali nyumba ya a Namzeze ndi mkazi wawo Nangondo. Mbali inayo, m'kamng'alu, munkakhala Nalimata, mayi wodzilera yekha, amene anali atangomata mazira ake awiri pakhoma lomwelo.

M'mawa wina Nalimata akusukusula, paja iye amasukusula ndi lilime, anamva mawu kuseri.

"Ndati sindidya," anali Nangondo. "Chotsani mbaleyo."

"Nangondo, ufungatira bwanji mazira m'mimba mulibe kanthu?"

"Mazira ake ati? Awa oti mawa akhala ali pansi? Inu abambo, kubwalo kuja anakufunsani funso limodzi lokha. Dothi munalitenga kuti? Koma inu kutukula chifuwa: ndinatenga pakhomo pa a Nkhanu, dothi lonona, lomata lokha, kulibe lina lofanana nalo. Akukuzengani mlandu, inu n'kumatsatsa malonda."

"Nanga ndikananama pamaso pa a Nang'omba?"

"Sindinati mukananama. Mukanangochepetsa pakamwa. Ndiye atagamula kuti khoma ligwe, dothi libwerere kwa mwini wake, munatani?"

Kuseri a Namzeze anangotsokomola.

"Nenani, munatani?"

"Ndinawomba m'manja."

"Munawomba m'manja. Akukugwetserani nyumba, inu kuthokoza."

"Aliyense ankawomba, Nangondo."

"Aliyenseyo ali ndi mazira anayi m'nyumba muno? M'mbale imodzi ndi inu sindidyamonso mpaka mlandu uwu utatha."

Masiku ena Nalimata ankamvetsera mikangano ya aneba akewo ngati wailesi, n'kumaseka chamumtima. Tsiku limeneli lilime linauma. Anacheukira mazira ake. Dzira la nkhuku ukhoza kulinyamula m'chipewa, la mbalame ukhoza kuyesa. Koma la nalimata likamatika lamatika. Ukati umatule umatsala ndi chigoba m'manja. Khoma likagwa, ana ake agwa nalo, ndipo pa mlanduwo dzina lake silinatchulidwe n'komwe.

Nalimata sanapite kusukulu iliyonse, koma utsikana wake wonse anathera pakhoma la bwalo la milandu, kugwira udzudzu uku makutu ali tcheru. Ankadziwa kuti mabwalo alipo awiri. Laling'ono linali la a Nang'omba, lalikulu la a Kakowa. Wosakhutira ndi loyamba ankakasuma kwa a Kakowa. Koma kusuma kokha sikunkaimitsa nyundo. Chinkaimitsa nyundo ndi mchira, litchowa la bwalo lalikulu, limene mthenga ankabwera nalo n'kuligwedeza pakhomo pa wosumayo. Mawu a lamulolo ngakhale ana ankawadziwa: pakhomo pamene mchira ukugwedezeka, nyundo igone. Vuto linali loti wowomba m'manja ankatengedwa kuti wavomera chigamulo, njira ya kwa a Kakowa watseka yekha.

Anagogoda pakhoma.

"Odi kuseriko, aneba."

"Mayo, mwamva zonse?" anatero Nangondo.

"Ndamva pang'ono chabe, kuyambira pa mbale paja. A Namzeze, ulukani tsopano lino kwa a Kakowa mukapemphe mchira."

"Koma ine ndinawomba m'manja, mayi."

"Zimenezo ndisiyireni ine. Inu ntchito yanu ndi mapiko."

A Namzeze anayang'ana mkazi wawo. Mkaziyo anayang'ana kumbali. Iwo anauluka.

M'mawa mwake anafika a Gogomole, kapitawo wa bwalo laling'ono, amene mlomo wawo ndiwo unali nyundo ya boma. Sanali oipa mtima. Chawo chinali chimodzi: ankaopa kulakwitsa kuposa mmene ankaopera njala.

"Odi pakhomo pano. Eni nyumba atuluke, ndili ndi makoma ena awiri lero."

Nalimata anatsika n'kukhala penipeni pamene pakanagwera nyundo.

"Takulandirani a Kapitawo. Ana kunyumba ali bwanji?"

"Ali bwino. Sunthani mayi."

"Eni nyumba apita kwa a Kakowa kukapempha mchira."

"Mchira wa chiyani? Anawomba m'manja. Ndinaona ndi maso angawa."

"Munaona manja?"

"Ndati ndinaona."

"Pepani, ine ndine mbuli. Ndakhala moyandikana ndi a Namzeze chaka chathunthu, manja sindinawaonepo. Mapiko ndiye ndimaona. Ndipo mbalame ikamva mawu oopsa imakupiza mapiko, inunso mukudziwa, si ndinu mbalame? Tsono lamulo limati wowomba m'manja, kapena wokupiza mapiko?"

A Gogomole anatambasula phiko lawo n'kuliyang'ana. Anatambasula linalo. Anapendeketsa mutu.

"Ndikafunse," anatero.

Atapita, Nalimata anakwera kwa mazira ake n'kuwaimbira. Inali kanyimbo kakafupi, kogunda lilime m'malo mwa ng'oma. Kankauza ana a m'mazira kuti afulumire, kuti kunja kuli mlendo wa mlomo wautali, ndipo mayi wawo alibe mkondo, alibe mlongo, ali ndi pakamwa pokha. Kakafika kumapeto kankabwerera poyambira ngati munthu woiwala chimene watengera.

Masana a Namzeze anabwera ali wefuwefu.

"A Kakowa avomera kumva mlandu. Mchira apereka."

"Uli kuti?" anafunsa Nangondo.

"Uli ndi mthenga wawo, Bongololo. Akuti afika mkuja."

"Mkuja? Inu mwapita dzulo, lero mwabwera."

"Ndinamupempha kuti ndimunyamule. Wakana. Akuti bambo ake analowapo m'kamwa mwa mbalame, mpaka lero sanabwere."

"Miyendo zana, ulendo wa masiku atatu," anatero Nangondo. "Amuna inu munapangana."

Tsiku lachiwiri a Gogomole anafika dzuwa lisanatenthe, mlomo atanola.

"A Nang'omba aseka. Akuti chabwino, mapiko si manja, akasume. Koma akuti kusuma si mchira. Mchira uli kuti?"

"Uli m'njira," anatero Nalimata.

"M'njira si pakhomo. Sunthani mayi."

"Ndisuntha. Kungoti ndimve bwino, chigamulo chinati ligwe khoma la yani?"

"La Namzeze."

"Ndiye yambani, sindikuletsani. Nkhope iyo yamkatiyo ndi ya a Namzeze. Koma iyi yakunoyi ndi yanga. Ndimasesa ndine, ndimagona ndine, mazira awa ndi anga. Ine kubwalo sanandiitane, sanandifunse, sanandigamule. Gwetsani yawoyo, yanga muisiye chiimire."

A Gogomole anazungulira khoma. Anasuzumira mkati, anasuzumira kunja. Anayeza kunenepa kwake ndi nsonga ya mlomo, n'kupeza kuti nsongayo ndiyo yonenepa.

"Mayi inu, munakwatiwapo?"

"Kamodzi."

"Ndamvetsa chimene anachokera. Ndikafunse."

Nalimata anakweranso n'kuimba kanyimbo kaja. Ulendo uno kankanjenjemera pang'ono pamene kamanena za pakamwa, chifukwa iye ankadziwa kuti m'kamwamo mwatsala mawu ochepa. Atamaliza anamva Nangondo akunong'oneza kuseri.

"Aneba, mawa muwauza chiyani?"

"Sindikudziwa."

"Ndikuuzeni zoona? Dothilo ndi la a Nkhanu ndithu. Ndinawaona abambo akubwera nalo, ndinadziwa kumene lachokera, ndipo ndinakhala chete chifukwa linali labwino. Ndimawakalipira iwowa, koma theka la mkwiyowu ndi langa lomwe."

"Awuzeni eni ake."

"Ndiwauze kuti atukulenso chifuwa?"

Anaseka onse awiri, aliyense mbali yake.

Tsiku lachitatu a Gogomole sanabwere okha. Kumbuyo kwawo kunali a Nkhanu, mwini mlandu, akuyenda cham'mbali monga mwa mtundu wawo. A Namzeze anali atapita kukayang'ana mthenga uja, n'kubwera ndi mawu oti afika dzuwa likapendeka. Panthawiyo dzuwa linali lisanafike paliwombo.

"A Nang'omba lero sanaseke," anatero a Gogomole. "Akuti inu mayi simunasenze dothi ngakhale kambulu kamodzi. Wotsamira khoma la mnzake amagwa nalo. Akutinso ndikabwerera ndi funso lina, ukapitawo ndiusiye pakhomo."

Nalimata anatembenukira kwa a Nkhanu.

"Bambo, tikungopempha maola ochepa."

"Maola?" anatero a Nkhanu. "Mayi, inu mukudziwa chimene chinachitika kwathu? Dothi limene anakumba awa ndi limene linkagwira khomo langa. Mvula itabwera khomo linagumuka, madzi n'kulowa mpaka kuchipinda. Mkazi wanga anagona panja masiku anayi, ana ali kumimba. Atatu anapita ndi madzi. Ndinadikira bwalo, osagwira munthu. Bwalo landipatsa chilungamo, inu mwachisandutsa nthabwala masiku awiri. Ine ndiye wopanda ana?"

Nalimata anagwetsa maso. Zonse zimene anamva pakhoma la bwalo zaka zija sizinamuphunzitse choyankha munthu wonena zoona.

"Sindikuti mulibe mlandu wabwino," anatero Nalimata motsitsa. "Mwina a Kakowa adzanena zomwezo. Akadzatero, khoma lidzagwa mawa ngati mmene likanagwera lero, dothi lanu silichepa. Koma likagwa lero, a Kakowa n'kudzanena zina, ndani adzabwezere ana m'zigoba? Mlandu suola, a Nkhanu. Dzira limaola."

A Gogomole anakonza pakhosi.

"Zimenezo n'za kubwalo. Ine yanga ndi nyundo. Sunthani."

Anakwera, n'kuponda bwino, n'kubweza mutu m'mbuyo.

Apa m'pamene Nalimata anacheuka n'kuona chinthu chimene ankayenda nacho moyo wake wonse osachiwerengera. Unali mchira wake, wautali, wosalala, umene anzake ankamusirira nawo paja ali namwali. Sanaganize kawiri, chifukwa akanaganiza kawiri sakanachita. Anaulowetsa m'kamng'alu, n'kuupanikiza, n'kudzikoka ndi mphamvu zonse. Duu. Ululu unamufika mpaka m'maso.

Mchira unagwera pakhomo penipeni pa a Namzeze n'kuyamba kuphiriphitha wokha.

"A Kapitawo," anatero Nalimata, "taonani pansi."

A Gogomole anaima mutu uli m'malere.

"Umenewo si mchira wa bwalo."

"Tanenani lamulo lonse, mmene mumalinenera muja."

"Pakhomo pamene mchira ukugwedezeka, nyundo igone."

"Mwatchulapo mwini mchira?"

A Gogomole analinenanso chamumtima, milomo ikuyenda. Analinena kachitatu. Kenaka anatsika n'kukhala pansi moyang'anizana ndi mchirawo.

"Kukafunsa sindipitanso. Ndikhala pompano. Ukangoti zii, ndiyamba, ndipo musadzandilankhulenso."

Ndiye onse anakhala n'kumayang'ana mchira. Poyamba unkadumpha ngati nsomba yongovuulidwa kumene. Kenaka unayamba kupinda uku ndi uku mwaulesi. Nalimata anakwawira kwa mazira ake, magazi akudontha, n'kuyamba kanyimbo kaja. Tsopano kanasintha pothera. Kankauza anawo kuti pakamwa patha, mayi wawo wapereka chimene chinali kumbuyo, ndipo kumbuyoko kulibenso china. Kuseri Nangondo analandira, n'kumaimbira ake anayi, mawu awiri kudutsa khoma limodzi. A Namzeze, amene nyimbo sankaidziwa, ankangoyankha pothera. Ngakhale mutu wa a Gogomole unkavomera pang'ono, eni ake osadziwa.

Koma nyimbo siidzutsa mchira. Dzuwa litafika paliwombo unali kungogwedeza kansonga, kupuma, n'kugwedezanso. A Gogomole anaimirira n'kuyamba kuwongola khosi.

"Masewera awa andikwana," anatero a Nkhanu. "Ndikautaye kutchire."

Anasendera n'kuupana ndi chala chawo chachikulu. Posenderapo anafika pansi penipeni pa mazira a Nalimata. Ndipo poti nyimbo inali italekeza, kunamveka kaphokoso kakang'ono kuchokera m'dzira limodzi, ngati munthu akukanda chitseko ndi chikhadabo.

A Nkhanu anaima. Mchira uli m'chala chawo unayamba kugwedezeka.

"A Nkhanu, tayani," anatero a Gogomole.

"Chala changa chikapana sichimva msanga. Simukudziwa?"

"Nanga ukugwedezeka wokha, kapena mukuugwedeza ndinu?"

"Ndikunjenjemera ndi ukali, bambo. Mundiletsa kukwiya?"

A Gogomole analinenanso lamulo lija chamumtima, n'kupeza kuti silitchula chougwedeza. Anakhalanso pansi.

Nalimata ali pamwamba ankaona zonse. Anaona kuti maso a a Nkhanu, aja otuluka ngati tizitsotso, sanali pa mchira koma pa mazira. Anaonanso kuti chala chija chitatopa, a Nkhanu anasamutsira mchira ku chala chinacho bwinobwino, chonsecho ankati chala chawo sichimva msanga. Anaona, koma sananene. Pali zinthu zina ukazithokoza mokweza umaziwononga.

Ukali wa a Nkhanu unakhalitsa tsiku limenelo. Unadutsa masana onse. Dzuwa litapendeka, kunatulukira Bongololo akukoka litchowa la bwalo lalikulu, fumbi lokhalokha.

"Ndafulumira, eti?" anatero, n'kuligwedeza katatu pakhomo.

A Nkhanu anaika mchira wa Nalimata pansi mosamala ngati chinthu chobwereka.

"Tikaonana kwa a Kakowa," anatero. "Ndipo musaganize kuti ndasiya."

"Sitikuganiza choncho, bambo," anatero Nalimata.

A Kakowa ankaweruza ataima mwendo umodzi, ndipo sankagamula mpaka mwendowo utatopa. Milandu inali yambiri patsogolo, mwendo unali wolimba. Mwezi unatha, wina n'kuyamba. A Nkhanu anadikira m'nyumba yopanda khomo, ndipo kudikira kumeneko kunali kowawa, tisanamizane. M'masiku amenewo mazira a Nalimata anasweka okha, n'kutuluka tiana tiwiri tamaso akuluakulu. Mazira anayi a Nangondo aja nawonso anasweka, ana anamera nthenga, anaphunzira kuuluka mogwa n'kudzuka. Nangondo ankadyabe m'mbale yakeyake, atafulatira.

Tsiku la mlandu a Kakowa anamva onse. Anamva a Nkhanu, anamva a Namzeze, amene ulendo uno anayankha zimene afunsidwa zokha. Nangondo anapempha kulankhula, n'kunena pamaso pa bwalo kuti iyenso ankadziwa kumene dothi lachokera. Amuna ake anamuyang'ana kukamwa kuli yasa. Kenaka a Kakowa anatsitsa mwendo.

"A Nang'omba sanalakwitse. Dothi ndi la a Nkhanu. Khoma ligwe."

Bwalo linawomba m'manja. A Namzeze anapinda mapiko mwamphamvu, n'kumayang'ana mkazi wawo cham'mbali.

"Wombani," anatero Nangondo. "Mukudikira chiyani? Dothi ndi lawo."

M'mawa mwake a Gogomole anabwera. Anayamba asuzumira mkati, n'kusuzumira kunja, n'kufunsa ngati pali wina ali ndi funso. Panalibe. Go, go, go. Katatu kokha, khoma lonse pansi, khoma limene linadya mchira wa munthu. Pa zidutswa zake panali tizigoba tiwiri topanda kanthu, tomatika chimatikire.

A Namzeze anatuta dothi lija ndi mlomo, ulendo ndi ulendo, n'kukamata okha khomo la a Nkhanu. Analimata bwino kwambiri moti anayamba kufotokoza ubwino wake, mpaka Nangondo anatsokomola.

Mchira wa Nalimata unameranso, koma waufupi, wakhungu lina, wosonyeza polumikizira. Mpaka lero zidzukulu zake zikapanikizika zimasiya mchira pakhomo, ndipo wozithamangitsa amaima n'kumauyang'ana, ngati akukumbukira lamulo lina lake.

Madzulo a tsiku limenelo kunawaza kamvula, ngumbi n'kutuluka. A Namzeze anagwira zambiri, anakazinga, n'kubwera nazo m'mbale imodzi. Anaiika pakati pa nyumba yopanda khoma ija, n'kukhala chapatali. Nalimata anali pamalo pake pakale, ana ake awiri ali m'mbali, akuyesa kuyang'ana kwina. Kumvera nkhani za eni popanda khoma n'kovuta.

Nangondo anayang'ana mbale ija nthawi yaitali.

"Mlandu watha?" anafunsa.

"Watha. Tagonja."

"Ana ali kuti?"

"Ali pa nthambi apo, onse anayi."

"Mchere mwathira?"

"Ndathira."

"Tiona." Anasendera. Kenaka anatembenuka. "Aneba, khoma kulibe, ndiye mumvera pati? Bwerani ndi anawo, mudzamvere pafupi."

A Namzeze anasenderanso, nasiya mpata pakati. Nangondo anatola ngumbi imodzi, analawa, n'kukankhira mbale kwa amuna ake. Iwo atakhala pansi n'kuyamba kudya, nayonso nthano yanga inapinda miyendo n'kukhala pansi.